A Damiyano ndi Mabenchi Oyang'anizana

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Damiyano, aja ankakhoma ndowa pamsika wa Nselema. A kumphakati kwathu, kagulu kathu ka mapemphero ka kutchalitchi, anati pakhale wina wolemba za iwo kuti ziwerengedwe pa mapemphero owakumbukira, ndipo analoza ine. Ndafunsa anthu amene ankawadziwa bwino kuposa ine. Pamene anthu anena zosiyana ndalemba mbali zonse, ndipo ngati pena ndalakwira munthu, sichinali cholinga.

Ambiri pamsika amawakumbukira ngati mkulu uja analimbikira kuti okalamba amangiridwe shedi yopumiramo, shediyo itamangidwa n'kukana kukhalamo. Zimenezo n'zoona. Koma ndiyambe ndi munthuyo.

A Damiyano sanali a kuno. Kwawo kunali ku Balaka, kwa Nsamala, ndipo kuno kwa Kawinga anabwera kudzakwatira. Anakhala pachikamwini mpaka imvi zinadzaza mutu, komabe akapsa mtima ankati kwawo ku Balaka anthu sachita zoterozo. Amene anafikako amati ku Balaka anthu amachita zomwezo.

Anali aatali, owonda, ndipo m'zaka zomaliza maondo ankawavuta kwambiri. Kukhala pansi kunali kosavuta, ntchito inali pa kudzuka. Ankayenda ndi ambulera yakuda imene palibe anaionapo itatambasulidwa, ngakhale pamvula. Inali ndodo yawo, koma munthu akaitchula kuti ndodo ankakwiya. Ankati ndodo ndi ya nkhalamba, ambulera ndi ya munthu amene ali paulendo.

Ntchito yawo inali ya malata. Ankakhoma ndowa, mbaula, makheni othirira kudimba ndi nyale za koloboyi. Sankalola munthu kutenga ndowa asanaithire madzi wogulayo akuona, ngakhale wogulayo akhale kuti akuthamangira galimoto ya ku Liwonde. Ndowa za pulasitiki zitadzaza msika anazinyoza kwa zaka zambiri, koma amayi anga amati kubafa kwa a Damiyano kunali ya pulasitiki yobiriwira. Maso atayamba kuchita mdima anasiya kukhoma, koma pamsika sanasiye kubwera. Ankati munthu wokalamba akangokhala pakhomo, anthu amayamba kumulankhula ngati mwana, kenako ngati mbuzi, kenako amasiyiratu.

Zonena zawo zinali zambiri ndipo si zonse zoyenera kuwerengedwa pa mapemphero. Ankati ukalamba umayamba tsiku limene wafika pamalo n'kuyamba wafunsa kumene kuli chimbudzi usanapereke moni. Ankatinso amene amakumba ngalande za m'mbali mwa msewu onse ndi anyamata, chifukwa munthu wa maondo sangakumbe dzenje limene iye mwini sangalidumphe. Mikangano yawo inali yosatha. Anakangana ndi anyamata a kabaza chifukwa choimba belu atafika kale pamsana pa munthu. Anakangana ndi eni masitolo chifukwa cha masitepe aatali. Anakangana ndi a kwaya kuti amathamangitsa nyimbo, kenako kwaya itachepetsa liwiro anati akuimba ngati ali pamaliro. Sindinamve munthu wonena kuti anawamvapo akupepesa. Panali mnyamata wina wa kabaza amene anamulalatira molakwa, pomuganizira kuti ndi amene anawathira matope. Atazindikira kuti sanali iyeyo, anamukonzera keliyala ya njinga yake osanena kanthu, ndipo pomupatsa anamuuza kuti njinga yake ndi yauve.

Akazi awo, mayi Rozina, anamwalira kale, ine ndisanayambe sukulu. Maliro atatha, a kuchikazi akanatha kuwasudzula kuti abwerere kwawo, ndipo abale awo a ku Balaka anabweradi kudzawatenga. Iwo anati chimanga chili m'munda, ayambe akolola. Atakolola anati nandolo sanaume. Nandolo atauma panapezeka denga lofunika kufolera. Dengalo linali la nyumba ya apongozi awo, agogo Sabina, mayi a malemuwo, amene ana awo ena anali atamwalira, wotsalayo ali kutali. Abale aja anatopa n'kusiya kubwera. Kuyambira pamenepo munda wa agogo Sabina ankalima ndi a Damiyano, ndipo nkhokwe yawo inali imodzi.

Masiku ano pali anyamata amene amanyamula apongozi awo panjinga, akucheza njira yonse. Awiriwa anali akale. Sankakhala pamalo amodzi, sankayang'anana kumaso, ndipo sankatchulana maina. Akakumana panjira, a Damiyano ankapatukira m'munda, n'kuvula chipewa, n'kuyang'ana kumbali mpaka agogowo adutse. Nthawi ya dzinja ankatuluka m'mundamo buluku lili chonyowa ndi mame. Akafuna kuuzana kanthu ankalankhula ndi chilichonse chimene chili pafupi, kaya mwana, kaya mtondo, kaya nkhuku. Amayi anga anamvapo a Damiyano ataima kumpanda akunena kuti:

"Iwe nkhuku, kauze eni ake pakhomo pano kuti thumba la chimanga lili pakhonde."

Agogo Sabina anayankha ali m'nyumba. "Nkhuku yamva. Ikanene kuti zikomo, koma la ulendo watha linali lofumbwa."

"Iwe nkhuku, anankafumbwewo sindinawadzale ine."

M'mabanja ena manyazi otere amatha. Apongozi amapha nkhuku n'kuitana mkamwini kuti adye pamaso pawo, basi kuyambira pamenepo amacheza. Kwa awiriwa sizinachitike. Ena amati mayi Rozina ndi amene ankakonza zimenezo koma imfa inafulumira. Ena amati aliyense ankadikira mnzake kuti ayambe. Msinkhu wawo sunali wosiyana kwambiri, chifukwa agogo Sabina anabereka ali mtsikana ndipo a Damiyano anakwatira mochedwa. Alendo ena ankayesa ndi mwamuna ndi mkazi amene anayambana. Pa zinthu zonse zimene zinkawakwiyitsa a Damiyano, palibe chinkaposa chimenechi.

Agogo Sabina ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi ndipo miyendo yawo imatupa. Amayenera kupita kuchipatala pa masiku amene auzidwa kuti akayezedwe ndi kulandira mankhwala. Sangatume mwana, chifukwa kumeneko amafuna kumuona mwini wake. Kabaza anasiya kukwera atagwapo ndi chizungulire. Kuchokera kumudzi kwathu kufika pamsika amatha kuyenda pang'onopang'ono, koma kuti apitirire mpaka kuchipatala amayenera kukhala pansi kaye, mtima ukhazikike. Akapanda kupuma pakatipo, safika.

Kale popumira panalipo, ngakhale palibe amene anapakonza dala. Pakona ya msika panali sitolo yakale ya khonde lalitali lokhota mbali ziwiri. Okalamba onse ankakhala pamenepo. A Damiyano ankakhala mbali yoyang'ana kumsewu, agogo Sabina mbali yoyang'ana kuchigayo, kona ili pakati pawo. Aliyense ankadziwa kuti mnzake alipo, koma sankaonana. Kenako sitoloyo inagulidwa, ndipo mwini watsopanoyo anatchinga khonde lonse ndi zitsulo kuti aziikapo matumba a feteleza. Sanalakwe, sitolo ndi yake. Koma kuyambira pamenepo agogo Sabina anayamba kudumphitsa masiku a kuchipatala, ndipo nthawi ina anakhala osamwa mankhwala mpaka nkhope inatupa.

Apa m'pamene a Damiyano anayamba kuvutitsa a komiti ya msika. Wapampando wake anali a Jafali, ogulitsa mpunga, munthu wofatsa amene ankakonda nthabwala. A Jafali amati panalibe tsiku la msika limene a Damiyano sanawaimitse n'kuwafunsa ngati amayi awo owabereka amakhala pa matumba a feteleza. Sanatchulepo za agogo Sabina. Ankangoti okalamba.

Mwayi unabwera pamene bungwe lina linafika ndi ntchito yokonza malo a pamsika kuti okalamba ndi olumala aziyenda bwino. Amene ankatsogolera ntchitoyo anali mayi Mbewe. Ndiyenera kunena kuti mayiwa anagwira ntchito yawo mosamala. Sanabwere ndi zomaliza kale. Anayenda msika wonse pamodzi ndi okalamba, kuima pamene iwo aima. Anaikitsa timilatho ta simenti pa ngalande. Pakhomo la chimbudzi cha msika anachotsa sitepe n'kuikapo potsetsereka ndi chitsulo chogwira. Pa za mabenchi anabweretsa mipando yosiyana kutalika, n'kupempha okalamba kuti akhale ndi kudzuka, kuti aone umene suvuta. A Damiyano atanena kuti benchi lopanda pogwira ndi msampha, mayi Mbewe anavomera pomwepo, ndipo zogwira zimene zili pa mabenchiwo lero zinabwera chifukwa cha iwo.

Kusiyana kunabuka pa msonkhano umene unachitikira m'kalasi ya pasukulu. Mayi Mbewe anajambula shediyo pabolodi: denga la malata, khoma kumbuyo, mabenchi awiri aatali oyang'anizana, lina lotsamira khomalo. A Damiyano anaimika ambulera m'mwamba.

"Mabenchiwo afulatirane," anatero.

"Chavuta n'chiyani, agogo?" anafunsa mayi Mbewe.

"Ine si agogo anu. Ndine bambo Damiyano."

"Pepani bambo. Chavuta n'chiyani akayang'anizana?"

"Dzuwa."

"Pali denga, bambo."

"Chifuwa. Wina akakhosomola, chonse chikathera pankhope ya mnzake."

"N'chifukwa chake pakatipo tasiya mpata waukulu, woti ngakhale njinga ya olumala itembenuke."

A Damiyano anayesa china. "Nanga anthu odana?"

"Odana ndi inu ndi ambiri, a Damiyano," anatero a Jafali. "Sitingamangire aliyense shedi yake."

Kalasi yonse inaseka. Mayi Mbewe sanaseke. Anafotokoza kuti okalamba ambiri samva bwino, ndipo amamva poyang'ana pakamwa pa wolankhulayo. Anati ena amakhala okha tsiku lonse kunyumba, choncho shediyo isakhale yongopumira, ikhalenso yochezera, ndipo anthu ofulatirana ngati matumba pa lole sangacheze. Okalamba ambiri anagwedeza mitu kuvomera. Anafunsanso a Damiyano ngati pali chifukwa china chimene sananene. Iwo anati chifukwa chilipo, koma amene ali ndi nzeru achiona yekha. Anthu anakweza manja povota, ndipo a Damiyano anagonja. Agogo Sabina analipo tsiku limenelo, atakhala pansi kumbuyo pakati pa amayi anzawo. Sanakweze dzanja mbali iliyonse, pakuti sakanalankhula pamsonkhano umene mkamwini wawo akulankhula.

Shediyo inamangidwa, ndipo ndi yabwino. Tsiku lotsegulira linali m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Ngakhale anagonja, a Damiyano anabwera atavala jekete, ndipo anawakhazika pakati pa benchi, alendo atawapanikiza mbali zonse. Zinangochitika kuti tsikulo linalinso la agogo Sabina kuchipatala. Agogowo anafika akupuma movutika, ndipo amayi atawaona anayamba kuwaitana.

"Lowani agogo, ndi yanu imeneyi! Malo awa, dzakhaleni apa!"

Malo amene ankawalozerawo anali moyang'anizana ndi a Damiyano. Agogo Sabina anaima pakhomo, n'kuona nsapato ndi ambulera, osakweza maso. A Damiyano anayamba kudzuka kuti atuluke, koma maondo aja sankafulumira, ndipo mlendo amene anali pambali pawo anawagwira phewa n'kuwauza kuti akhale, mwambo sunathe. Pamene ankaimirira n'kuti agogowo atapitirira. Anayenda mpaka pachigayo, miyendo n'kukana. Anakhala pafumbi m'mbali mwa ngalande ndipo sanathenso kudzuka. Amene anawatola ndi Abiti Saidi, mayi ogulitsa matemba, amene pakamwa pawo msika wonse umapaopa. Anawapatsa madzi, n'kupeza anthu owathandiza kubwerera kumudzi. Kuchipatala sanafike.

Madzulo ake amayi a m'mudzi atapita kukawaona, agogo Sabina ananena kuti ulendo wa kumsika autaya.

"Munthu wamkulu ngati uja azidzuka pampando chifukwa cha ine, gulu likuona? Iyayi. Mankhwalawo akhale."

Mawu amenewa anawapeza a Damiyano. Sanayankhe, ngakhale kudzera mwa nkhuku.

Tsiku la msika lotsatira anafika m'mawa atanyamula mphasa ziwiri ndi waya. Anapempha mnyamata wina kuti akwere pabenchi, ndipo anamangirira mphasazo kudenga, kuti zilendewere pakati pa mabenchi awiriwo kuchokera uku mpaka uko. Anthu anasonkhana. A Jafali anabwera akupukuta manja.

"A Damiyano, mwayamba kumanga bafa?"

"Ndikutchinga mphepo."

"Mphepo yake iti? Mwezi uno?"

"Ibwera."

Anyamata a kabaza nawo sanachedwe. "Madala, kanemayu ayamba nthawi yanji?" anafunsa wina. Wina anasuzumira kuseri kwa mphasa n'kufuula kuti odi, kuli anthu kubafa kuno? A Damiyano anapitiriza kupota waya wawo ngati sakumva.

Mphasazo zinakhalapo masiku angapo, ndipo zinabweretsa mavuto enieni. Okalamba ena anadandaula kuti sakuona anzawo. Munthu wina woledzera anagona kuseri kwake n'kuipitsapo. A komiti anaitana mayi Mbewe, ndipo nkhaniyo anaikambira m'shedi momwemo, mphasa atazipindira m'mwamba, anthu atazungulira. Mayi Mbewe ananena modekha kuti mphasazo sizingakhale, chifukwa wokalamba akakomoka mbali inayo palibe angamuone. Kenako anafunsa a Damiyano kuti anene chimene chikuwavuta, kuti mwina pali njira ina. Iwo anangoyang'ana ambulera yawo. A Jafali anafunsanso. Apa Abiti Saidi, amene anasiya matemba awo kudzamvera, analephera kupirira.

"Inu nonse maso muli nawo koma? Akwegwe! Apongozi awo! Mukufuna azikhala chonchi, maso ndi maso, ngati anthu ofunsirana?"

Wina anaseka, ndipo ambiri anatsatira. Sikunali kuseka kwachipongwe kwenikweni. Ambiri ankadziseka okha, chifukwa aliyense pamenepo ankadziwa za awiriwa kuyambira kale, koma palibe anazikumbukira pokweza manja m'kalasi muja. A Damiyano anavala chipewa. Mayi Mbewe anawayandikira n'kulankhula motsitsa, koma amene anali pafupi anamva.

"Bambo, mukanandinong'oneza. Mwambowu kwathunso ulipo."

"Ndikananena kuti chiyani? Kuti pali munthu amene akundilepheretsa kukhala pansi? Mayi amene aja sanandilepheretsepo kanthu."

Mayi Mbewe anati mabenchi a simenti sangasunthidwe, koma angathe kumangitsa kabenchi kena panja, mbali ina ya shedi, n'kuwonjezerapo lata limodzi la mthunzi. A Damiyano anakana. Anati msika wonse uzidzakatchula kuti kabenchi ka mkamwini, ndipo mwini nkhaniyo adzadziwa kuti wathamangitsa munthu. Mayi Mbewe anawapempha kawiri, komanso anatuma a Jafali. Sanasinthe. Pali ena mpaka lero amene amati kumeneko kunali kunyada chabe, ndipo akanavomera bwenzi okalamba ena a vuto lomwelo akuthandizika. Mwina akunena zoona. Mphasa zinachotsedwa, ndipo ntchito ya bungwe lija itatha mayi Mbewe anapita kwina.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene anthu amazikumbukira kwambiri. Anasankha tsiku la msika, nthawi imene amayi a kumudzi kwathu amakhala atadzaza pamzere wa tomato. Anaima kutsogolo kwa shedi n'kuyamba kumenya benchi ndi ambulera.

"Simenti iyi ndi yozizira ngati manda! Imalowetsa nyamakazi m'mafupa! Ine Damiyano sindidzakhalamo muno, ngakhale mundinyamule!"

"Zogwirazo munapempha ndinu," anatero a Jafali.

"Ndinapempha zogwira, sindinapemphe manda. Kwathu ku Balaka mabenchi amakhala a matabwa. Inu mumadziwa mpunga basi."

A Jafali anakhumudwa, ndipo awiriwa anakhala nthawi yaitali osapatsana moni. Lero a Jafali amati ankadziwa chimene chinkachitika, anangothandiza sewerolo. Abiti Saidi amati sankadziwa kanthu. Mulimonsemo, pofika madzulo nkhani inali itafika m'mudzi monse kuti a Damiyano ayambana ndi a komiti ndipo alumbira kuti m'shedi sadzapondamo. Pa tsiku lawo lotsatira la kuchipatala, agogo Sabina anavala chitenje chawo, anayenda mpaka pamsika, analowa m'shedi, n'kukhala pa benchi lotsamira khoma. Atapuma anapitirira, ndipo anafika. Kuyambira pamenepo sanadumphitsenso. Abiti Saidi anawafunsapo ngati anakhulupirira zoti simenti ndi yozizira. Iwo anangoti anthu a ku Balaka ndi ovuta.

A Damiyano anasunga lumbiro lawo masiku onse, osati a chipatala okha, chifukwa agogowo ankabweranso Lamulungu popita kutchalitchi, kapena tsiku lina lililonse akafuna mchere. Koma maondo awo ankafunabe pokhala. Anatenga ndowa yakale imene anakhoma okha, n'kuivundikira kuseri kwa khoma la shedi, panja, ndipo pamenepo ndi pamene panakhala pamalo pawo. Khomalo lili ndi mzere wa njerwa zamabowo zolowetsa mphepo. Choncho agogo Sabina akakhala m'kati, a Damiyano ali kunja, misana yawo inkatsamira khoma limodzi. Amene ankakhala nawo m'shedi amati nthawi zina agogowo ankalankhula okha akuyang'ana kudenga.

"Mvula ya chaka chino ikuchedwa."

Patapita kanthawi mawu ankalowera m'mabowo muja. "Anthu ena asafulumire kudzala. Mbewu ndi yochepa."

"Anthu enawo anayamba kudzala ena asanabadwe."

"Asanabadwe pang'ono."

Zinakhala choncho kwa nyengo zingapo za mvula. Kenako a Damiyano anadwala chifuwa chimene sichinamve mankhwala. Ana a mlongo wawo anabwera kuchokera ku Balaka, ndipo ulendo uno a Damiyano analibe mphamvu zonenera za chimanga kapena nandolo. Anangouza amayi anga kuti m'nkhokwe muli chokwanira mpaka kukolola, ndipo wina aziona denga lija. Anamwalira kwawo kwa Nsamala, n'kuikidwa komweko. Ochepa a kuno anapita. A Jafali anapita. Agogo Sabina sakanatha ulendo wautali chonchija, ndipo manda a mkamwini wawo sanawaone.

Patapita milungu ingapo, tsiku lina akuchokera kuchipatala, anapuma m'shedi monga mwa masiku onse. Podzuka sanalowere njira ya kumudzi. Anapempha Abiti Saidi kuti awagwire dzanja, n'kuzungulira shediyo. Zaka zonsezo anali asanafikepo kuseri kwa khomalo.

"Ndi pano?"

"Ndi pomwepo, agogo."

Agogowo anayang'ana pansi, kenako anakweza maso kuona pamene malata athera. Inali nthawi yoti dzuwa lakwera, ndipo linkawomba pakhomapo.

"Mthunzi umafika nthawi yanji?"

"Umafika madzulo," anatero Abiti Saidi. "Anthu atapita."

Agogo Sabina anayandikira khomalo. Anaika dzanja pakhomapo, n'kulichotsa chifukwa panali potentha. Kenako anati atengedwe, akufuna kukafika kunyumba.

Kuchipatala amapitabe, ndipo amapumabe pa benchi lomwelo. Kuseriko sanabwerereko. Malowo ndi kampata kopapatiza pakati pa shedi ndi dzala la msika, moyang'ana kotulukira dzuwa. Denga silitulukira mbali imeneyo, choncho mvula ikagwa madzi a pamalata amagwera pomwepo, ndipo akumba kamzere m'dothi. Ndowa ija wina anaitenga. Pansi patsala chizindikiro chozungulira pamene mlomo wake unalowa m'nthaka, ndipo m'kati mwake mwamera chisoso. Pakhoma, pamene laimu anali woyera, pali banga lakuda losalala la msana, ndipo pamwamba pake pali kena kakang'ono ka mutu. Anyamata a kabaza amatsamiritsa njinga zawo m'mbali mwake. Pabangapo saikapo njinga, koma palibenso amene amakhalapo, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka masana pamatentha kwambiri.